Mwera Ukadutsa: Nthawi Yopita Kunyanja Amasankha Ndani?

Usipa umene amayi amagula pamsika wa Mayani umachita kukwera mapiri kuti ufike m'mbale. Umachokera kumagombe a Salima ndi Mangochi, wina wouma padzuwa, wina wofutsa, ndipo kukula kwa mulu wake kumanena zimene zikuchitika kumunsiko. Mwezi ukawala usiku wonse, nyali za asodzi sizikopa nsomba, mulu umachepa. Mphepo ikavuta masiku angapo motsatizana, mtengo umakwera. Choncho anthu a ku Mayani, kwa Mfumu Tambala, amaidziwa nyanja ya Malawi ndi pakamwa, ngakhale ambiri a iwo sanapondepo pamchenga wake. Kukanakhala msewu wa phula wolunjika kum'mawa, wodutsa m'nkhalango ya Dedza-Salima, ulendowo sukanakwana makilomita 50. Koma minibasi zimachita kuzungulira: kutulukira ku Linthipe pamsewu wa M1, kenako kulowera ku Lilongwe ndi Salima mpaka ku Senga Bay, kapena kudzera paboma la Dedza, kukhota pa Masasa n'kutsetsereka m'makona a Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, pomwe wofuna ku Monkey Bay amapitirira.

Masiku ano ulendowu sulinso wa azungu ndi mabwana okha. Kwaya ya achinyamata imasonkherana, amayi a Chigwirizano amasunga pang'onopang'ono, aphunzitsi amalonjeza ana a Sitandade 8 kuti akatha mayeso adzaona madzi osaoneka tsidya. Ndiye pamsonkhano wokonza ulendo pamabuka funso looneka laling'ono: tipite liti?

Mayankho awiri ndiwo amamveka kawirikawiri. Wina amati tsiku lililonse ndi labwino bola ndalama ya minibasi yakwana. Wina, amene anzake amamudziwa kuti ndi wopemphera, amati palibe chifukwa chovutikira ndi miyezi, poti mwini nthawi ndi Mulungu, ndipo tsiku la munthu likakwana lakwana, kaya ali pamphasa kunyumba kaya ali m'boti pakati pa madzi. Awiriwa amaoneka ngati akutsutsana, woyamba wa zadziko, wachiwiri wa zauzimu. Komatu akugwirizana pa chinthu chachikulu: onse akuti nyengo ilibe chonena pankhaniyi. Apa mpamene onse awiri aphonya, ndipo kuphonya kwa wachiwiriyo n'koopsa kwambiri chifukwa kumabisala kuseri kwa dzina la Mulungu.

Nyanja ili ndi chaka chakechake, chosiyana ndi cha kumapiri. Madzi ake ali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti mu Juni ndi Julayi, munthu wa ku Mayani akuwotha moto atafunda bulangete, ku Senga Bay masana anthu azingoyenda ndi malaya opepuka. N'zomveka kuti mtima wa munthu wakumapiri umalakalaka kunyanja m'miyezi yozizira. Koma miyezi imeneyi, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo ya mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imene imathamanga motsata utali wonse wa nyanja, makilomita oposa 560, popanda phiri loitchinga. Ikamafika chapakati ndi kumpoto imakhala itautsa mafunde otha kupitirira msinkhu wa munthu. Imawomba masiku angapo osaleka, n'kukhala chete, n'kuyambiranso. Kutha kucha kuli bata, dzuwa likamakwera madzi n'kuyamba kuchita thovu.

Mlendo amauona mwera ngati mdani wa tchuthi chake. Akatswiri a zam'madzi amauona mwina. Nyanjayi ndi yakuya kwambiri, pafupifupi mamita 700 chakumpoto, ndipo madzi ake amakhala mosanjikizana: ofunda pamwamba, ozizira pansi, komwe kumadikha chonde cha zomera ndi zamoyo zonse zakufa. Mwera ukawomba umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera, cha ku Monkey Bay ndi Mangochi, madzi ozizira a pansi amatumphuka ndi chonde chija. Tizomera tosaoneka ndi maso timachuluka, tizilombo tam'madzi timadya tizomerato, usipa ndi utaka n'kudya tizilomboto. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo cha kumwera chimakhalira ndi nsomba zambiri kuposa kwina konse. Mphepo imene imabweza mlendo pagombe ndi yomweyo imene imadyetsa mabanja a kumapiri ndiwo. Wofunsa za mwezi wabwino ayambe wafunsa kuti wabwino kwa yani.

Kumapeto kwa Ogasiti mwera umayamba kufooka. Mu Seputembala ndi Okutobala madzi amayera n'kudekha, moti pazilumba za Maleri kapena pa Thumbi ku Cape Maclear munthu amaona mbuna zamawangamawanga zikusewera pakati pa miyala. Kutentha nako kumakula. Mu Okutobala ndi Novembala ku Salima masana kumapitirira madigiri 30, ndipo wozolowera kamphepo ka kumapiri usiku tulo sitimubwerera. Mvula ikagwa zonse zimatembenuka. Kumabwera mpoto, mabingu, mphenzi ndi anamondwe adzidzidzi. Mtsinje wa Linthipe, utalandira madzi a Diamphwe ndi a Lilongwe, umakathira m'nyanja matope ofiira okokoloka m'minda ya kumtunda, madzi a kugombe n'kuda. Udzudzu umachuluka, ndipo thupi la munthu wokulira kumalo ozizira silinazolowere malungo ngati la mwana wa kugombe. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unafika pachimake m'dzinja lotsatira, ndipo Mangochi ndi Salima anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri.

Makampani okopa alendo amalangiza miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala. Malangizowa analembedwera munthu amene ali ndi masiku a tchuthi omudikira ku ofesi. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa wolembedwa ntchito masiku 18 opuma pachaka ngati amagwira masiku 6 pasabata, kapena 15 ngati amagwira 5. Mlimi wa ku Mayani alibe bwana womusainira fomu. Amalamulidwa ndi mvula. Ndalama zimamufika m'manja akagulitsa soya, nyemba, mtedza, kachewere kapena fodya, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, mkati mwenimweni mwa nyengo ya mwera. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, magombe a Salima atadzaza ndi anthu a mumzinda, iye ali kalikiliki kusosa ndi kuunga mizere, diso lili kumwamba kuyembekezera chizimalupsa, mtima uli pa thumba la feteleza. Mu Disembala a banki mkhonde amagawana, ndalama ilipo, Khrisimasi yafika. Koma udzu m'munda sudziwa Khrisimasi, ndipo sabata imodzi yosapalira imakaonekera m'nkhokwe. Za Febuluwale n'zosachita kunena, mwezi umene m'nyumba zambiri amadya kamodzi patsiku.

Poona izi ena amangoti zopita kunyanja n'zachibwana, munthu wamkulu sangawononge ndalama ya feteleza pokasamba m'madzi a eni. Maganizowa ndi olemera, ndipo amene anagonapo ndi njala sangawapeputse. Koma kuseri kwake kuli chiphunzitso chimene palibe chipembedzo cha ku Mayani chinaphunzitsapo, chakuti munthu analengedwera khasu basi. Makolo analibe kalendala ya tchuthi, koma ankadziwa kuika khasu pansi. M'mudzi mukagwa maliro palibe amene amapita kumunda, mpaka lero. Zokolola zikalowa m'nkhokwe bwalo limadzuka: chinamwali, gule wamkulu, ndipo kwa Ayao jando ndi nsondo. Akhristu ambiri amapuma Lamulungu, a Seventh Day Loweruka, Asilamu amatseka maokala Lachisanu masana kupita kumzikiti. Mu Uthenga wa Marko mutu 6, Yesu ataona kuti ophunzira ake atopa, moti analibe ndi mpata wodya womwe, anawakweza m'ngalawa panyanja ya Galileya kuti akapume kwaokha. Mphunzitsi yemwe anawauza za kusenza mtanda ndi yemweyo amene anawakonzera ulendo wokapuma wa pamadzi. Mayi wa Chigwirizano amene wakhala zaka zonsezi akusenza mitolo ya nkhuni ndi madengu a kachewere sakuchimwira aliyense akafuna kuona dzuwa likutuluka m'madzi. Ndipo pali ngozi ina imene anthu saitchula: kudikira chaka chopanda vuto lililonse. Chaka chimenecho sichibwera. Pali agogo amene anakalamba akunena kuti tidzapita zikadzakhala bwino, mpaka miyendo inakana kukwera minibasi.

Tsopano kwa m'bale uja amene amati tsiku likakwana lakwana. Mawuwa ali ndi malo ake, ndipo malowo ndi pasiwa. Amatonthoza mayi amene mwana wake wavuulidwa m'madzi, ndipo palibe munthu waumunthu amene angakatsutsane nawo pamenepo. Vuto limabwera mawu a pasiwa akasamukira pamsonkhano wokonza ulendo, n'kukhala chilolezo chokwerera boti lodzaza mopyola muyezo mphepo ikuwomba.

Mbiri ya nyanjayi ili ndi masiku osaiwalika. Pa 30 Julayi 1946, mwera uli pachimake, sitima ya Vipya, yatsopano, itangoyenda maulendo owerengeka, inagubuduzidwa ndi mafunde kufupi ndi Florence Bay, komwe lero amati Chitimba. Anthu 145 anafa. Zaka 51 izi zisanachitike, pa 2 Seputembala 1895, Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London kukhala bishopu wa Likoma, anali kubwerera kwa akhristu ake pamene boti lake linakumana ndi namondwe n'kutembenuka. Anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Palibe amene angakayikire chikhulupiriro cha munthu amene anapereka zaka pafupifupi 20 za moyo wake ku ntchito ya Mulungu kuno ku Africa. Chaposachedwapa, pa Pasaka wa 2017, boti lonyamula anthu ochokera kumapemphero linatembenuka ku Mlowe m'boma la Rumphi, miyoyo n'kutayika. Madzi safunsa ngati munthu akuchokera kumowa kapena kumgonero.

Baibulo lomwe m'bale uja amanyamula lili ndi nkhani yomuyankha. Pa Machitidwe a Atumwi mutu 27, Paulo ndi mkaidi paulendo wa ku Rome. Chombo chaima padoko lina la chilumba cha Crete, ndipo wolemba akutchula dala kuti tsiku la kusala la Ayuda, lomwe limagwa kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, linali litapita kale. Amalinyero a pa Mediterranean ankadziwa kuti kuchokera pamenepo nyanja yawo imayamba kuopsa, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi zombo zambiri zinkangokhala pamadoko. Paulo analangiza kuti aime pomwepo. Mkulu wa asilikali anamvera woyendetsa ndi mwini chombo, omwe ankafuna kukafika padoko lina labwinopo, ndipo kamphepo kofatsa katayamba onse anaganiza kuti zatheka. Zotsatira zake zinali masabata awiri a namondwe, tirigu yense kutayidwa m'madzi, ndi chombo kusweka pa Malta, ngakhale anthu onse 276 anapulumuka. Pachombo chonsecho, munthu wa chikhulupiriro chachikulu ndiye anawerenga nyengo n'kunena kuti tidikire. Oumirira kupitiriza anali eni malonda ndi eni ulamuliro.

Ngati Mulungu ndiye analenga mwera n'kuupatsa miyezi yake, kudziwa miyeziyo ndi njira imodzi yomumvera. Mlimi wa ku Mayani izi amazidziwa bwino kumunda kwake. Sabzala chimanga cha kumtunda mu Julayi n'kumati Mulungu akafuna chimera. Amadikira mvula yachinyontho chokwanira, amabzala, kenako n'kupemphera. Akafika pagombe asaisiye nzeru imeneyi m'minibasi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pagombe wofunsidwa alipo. Msodzi amene wakokera bwato lake kumtunda anzake onse n'kuchita chimodzimodzi ali ndi chifukwa, ngakhale mlendo akuona ngati madzi ali bwinobwino.

Komabe pali choonadi chimene m'bale wopemphera uja wagwira, ndipo n'chosayenera kutayidwa. Munthu atha kusankha ndi nzeru zonse zimene ali nazo, n'kukumanabe ndi tsoka. Mu Okutobala 1875 kasitima ka Ilala kanalowa m'nyanja ya Malawi katanyamula amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E.D. Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws. Anafika ku Cape Maclear mwezi umene malowa amakongola koposa: madzi odekha, doko lotchingidwa ndi zilumba, mchenga woyera. Anamanga Livingstonia yoyamba pomwepo. Madzinja otsatira anawaonetsa zina. Malungo ndi matenda ena anayamba kuwagwetsa. Mu 1877 anamwalira Dr William Black ndi Shadrach Mngunana, mphunzitsi wochokera ku Lovedale m'dziko la South Africa. Mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe itabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo mu 1894 inakwera phiri ku Khondowe. Anthuwa sanali osasamala. Pa nthawiyo dziko lonse linali lisanadziwe kuti malungo amafala ndi udzudzu. Ronald Ross anadzatsimikiza zimenezi mu 1897. Amishoniwo anaona malowo mwezi umodzi wokha wabwino, ndipo analibe wowauza za miyezi inayo m'njira yomwe akanaimva.

Obwera pambuyo anaphunzirapo. Amishoni a Dutch Reformed, omwe mpingo wawo ndiwo unadzabala sinodi ya Nkhoma, anakhazikika kumtunda, ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Ansembe a White Fathers amene anatsegula Mua mu 1902, m'tsinde mwa mapiri, anatsegulanso Bembeke mu 1910, komwe otopa ndi kutentha ndi malungo a kuchigwa ankakwera kukapezako mphamvu. Pamene wa ku Mayani akulota mchenga wa ku Senga Bay, wa ku Mtakataka mu Okutobala amalota kamphepo ka ku Dedza.

Nkhani ya Cape Maclear ikuonetsa pamene mawu akuti Mulungu akalola amayenera kukhala. Amabwera munthu atafunsa, atawerenga miyezi, ataona boti ndi kuchuluka kwa okwera. Pamenepo amakhala mawu odzichepetsa, ovomereza kuti nzeru za munthu zili ndi polekezera. Akanenedwa zonsezi zisanachitike, amasanduka chobisalira cha ulesi, ndipo Mulungu amasenzetsedwa mlandu wa woyendetsa boti amene anafuna ndalama ya anthu khumi owonjezera.

Asilamu, omwe alipo ochuluka m'dera la Mfumu Tambala, ali ndi phunziro lawolawo pankhani ya nthawi. Kalendala yawo imatsata mwezi wakumwamba, ndipo chaka chake n'chofupika ndi masiku 10 kapena 11. Motero Ramadan imayendayenda: mu 2005 inayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mu 2015 inayamba mu Juni, masiku aafupi ndi ozizira, mu 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, m'dzinja. Pakatha zaka pafupifupi 33 imakhala itazungulira nyengo zonse. Msilamu sasankha mwezi wosala umene ungamukomere, amaulandira pomwe wagwera. Koma chipembedzo chomwecho chimalola wapaulendo ndi wodwala kuimika kusala n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake. Pali nthawi zimene munthu amangolandira, palinso zimene anapatsidwa kuti aziyendetse ndi mutu wake. Ulendo wa kunyanja uli m'gulu lachiwirili, ndipo kuukankhira m'gulu loyamba n'kuzemba udindo. Achinyamata a pamzikiti ofuna kukasangalala kugombe pa Eid akumbukire kuti Eid ya chaka chino sigwera pamphepo imene Eid ya zaka khumi zapitazo inagwerapo.

Malo amene funsoli linayankhidwa bwino koposa ali m'boma la Salima lomwelo. Chilumba cha Mbenje chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pagombe la Chikombe, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene asodzi a ku Likoma anabwera ndi chilimira kudzapempha malo, chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo. M'miyezi imeneyi palibe wogona pachilumba, palibe woponya ukonde m'madzi ozungulira. Kutseka ndi kutsegula kumachitika ndi mwambo, mfumu ndi akuluakulu akukumbukira mizimu ya makolo. Chikatsegulidwa malamulo amakhalapobe: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, ndipo akazi saloledwa kufikako, lamulo lomwe ena masiku ano amalifunsa mafunso, ndipo akuyenera kutero. Zifukwa za kutsekaku zimalukana. M'dzinja pachilumba pamagwa mphenzi ndipo madzi amaopsa. Ndi nthawi yomwe asodzi amafunika kuminda kwawo. Ndi nthawinso yomwe nsomba zimapeza mpata woswana ndi kukula. Wina anganene kuti ndi mizimu, wina kuti ndi sayansi, ndipo pa Mbenje ziwirizi zalozera kumodzi. Ofufuza a ku Mzuzu University ndi University of Strathclyde ya ku Scotland anapeza kuti utaka wa pachilumbachi ndi wokula bwino kuposa wa m'madera oyandikana nawo. Boma nalo limaletsa makoka ena mu Novembala ndi Disembala kuti chambo, chomwe chimalera ana ake m'kamwa, chiswane mwamtendere. Koma lamulo lochokera ku ofesi limathyoledwa msanga kuposa la pa Mbenje, lomwe anthu amaliona ngati lawo ndiponso lopatulika.

Apa mpamene woyamba uja, wa bola ndalama yakwana, ayenera kuimirira kaye. Iye amaona nthawi ngati katundu wa pashelefu, woti wolipira atenge tsiku limene wafuna. Anthu a kwa Makanjira akumuuza kuti nyanja nayo ili ndi miyezi yake yopuma, ndipo mlendo ali ndi gawo poisunga kapena kuiswa. Wofika ku Senga Bay pa Khrisimasi n'kudzaza chidebe ndi kasawala wotchipa, tiana ta chambo tosafika n'komwe poswana, wakoka nawo khoka loletsedwa ngakhale mapazi ake sananyowe. Akumbukirenso kuti kupuma kwake ndi ntchito ya wina: mtsikana wochapa mbale pamalo ogona alendo tsiku la anakubala nayenso ali ndi amake.

Ndiye gulu la ku Mayani lipite liti? Zonse zikaikidwa pamodzi, mpata umaoneka kuyambira masabata omaliza a Ogasiti mpaka kumapeto kwa Seputembala. Chimanga chili m'nkhokwe, ndalama ya zokolola sinatheretu, mwera wayamba kutopa, udzudzu wachepa, misewu yafumbi ikupitika, kutentha kwa Okutobala sikunafike, ndipo khasu likhoza kudikira masiku awiri. Ana asukulu amakhala ali patchuthi chachikulu mpaka Seputembala atalowa. Si kwachabe kuti okonza zoimbaimba zikuluzikulu za kugombe, Lake of Stars yomwe inayambira ku Chintheche mu 2004 ndi Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda, akhala akukonda kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala. Komabe tsiku lomwe Maples anamira likukumbutsa kuti kumayambiriro kwa Seputembala mphepo imakhala isanatsanzike kwenikweni. Ndipo ambiri a kumapiri sadziwa kusambira, poti mitsinje yomwe anakulira ndi yolekeza m'mawondo. Mwezi wabwino sungapulumutse mnyamata amene walowa m'madzi akuya atamwa mowa, kapena ana osiyidwa kusewera m'mabango momwe mumakhala nkhono za likodzo ndi ng'ona.

Mpatawu ulinso ndi eni ake ena. Loweruka lomaliza la Ogasiti Achewa amakhamukira ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kumwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndi nyengo ya maukwati, ziliza ndi zinamwali, ndipo wa dimba la tomato sangasiye kuthirira popanda womugwirizira. Nthawi ya munthu wakumudzi si yake yekha. Ili ndi gawo la malume, la apongozi, la mpingo ndi la amene anatsogola kumanda. Amene wasiya chiliza cha amake chifukwa cha mchenga wapeza mwezi wabwino koma tsiku lolakwika, ndipo mlembi wa gulu amene amayamba wafunsa anyakwawa ndi akulu a mpingo za masiku otanganidwa amapulumutsa ulendo ku madandaulo a chaka chonse.

Chovuta tsopano n'chakuti kalendala yomwe makolo ankaidalira yayamba kusuntha. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, chimanga chitauma m'minda. M'miyezi yomweyo nyanja inakwera kupitirira mamita 476, mlingo umene unali usanaonekepo kwa zaka zambiri, chifukwa madzi ake ambiri amachokera kumitsinje ya kumpoto ndi ya ku Tanzania monga Songwe ndi Ruhuhu, komwe mvula inagwa yochuluka. Mchenga umene alendo ankakhalapo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota unamira, madzi analowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Nyanjayi inasinthapo kale mbali inayo: kuyambira cha mu 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 inatsika moti mtsinje wa Shire unaleka kutulukamo. Kudziwa mwezi kokha sikukukwaniranso. Nthambi ya boma yoona zanyengo imachenjeza pawailesi ndi pamafoni mwera wamphamvu ukamayandikira, ndipo mlembi amene ali ndi nambala ya msodzi mmodzi wa ku Senga Bay kapena ku Chembe atha kuimba Lachinayi madzulo, minibasi isanalipiridwe yonse, n'kufunsa ngati mabwato akupita pamadzi kapena agona kumtunda. Yankho likakhala loipa, pamafunika munthu woti anene kuti ulendo waimitsidwa mpaka Loweruka linalo, ndalama zitasonkhedwa kale ndipo mitima itanyamuka. Abusa, ansembe ndi mashehe a kwa Tambala, omwe amapempherera maulendowa asananyamuke, ndiwo angathe kunena mawu amenewa, ndipo anthu angawamvere msanga kuposa mmene amamverera wailesi.